Liwu la Chingerezi Limene Linandimanitsa Maliro a Mkazi Wanga

Mkazi wanga anaikidwa m'manda ndi akaidi, m'dziko la eni, ine ndili pa mzere pa ofesi ina ku Tsangano, kudikira msonkhano woti kunalibeko. Chinandiimika pa mzerepo ndi liwu limodzi la Chingerezi. Liwu lake ndi moot. Chingerezi sindichidziwa mpaka lero, koma liwu limeneli ndidzalowa nalo m'manda.

Ine ndine Evaristo, kwathu ndi ku Chidzolomondo, ku Macanga. Inali nthawi ya nkhondo. Mudzi wathu utatenthedwa tinathawira ku Tsangano, kufupi ndi malire a Malawi, ine, mkazi wanga Nangozo, ndi ana athu awiri, Mariya ndi Pedro. Apongozi anga aakazi tinasiyana nawo m'njira, sitinawaonenso. Nangozo anayenda ulendo wonsewo ali woyembekezera. Tinamanga chisakasa kuseri kwa msika, ine nkumagwira ganyu m'minda ya kachewere. Amene munakhalako ku Tsangano mukuchidziwa chisanu chake.

Nthawi yake itakwana, mwana anakanika kubadwa. Azamba anayesetsa, magazi nkumangotayika. Pa bomapo panali bungwe lina la azungu lothandiza othawa nkhondo. Dzina sinditchula. Linali ndi nyumba ya malata, wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali, ndi galimoto yoyera imene inkanyamula odwala kwambiri kupita nawo ku zipatala za kutsidya kwa malire, ku Malawi. Anamukweza Nangozo. Ine phazi limodzi linali kale m'galimoto, koma anandibweza. Akuti malo palibe, chifukwa munagona amuna awiri amene anaponda bomba lokwirira. Mayi wina woyandikana nafe anapempha kuti apite akamuyang'anire, nayenso anamubweza. Namwino wa bungwelo, a Selestina, anandiuza kuti ndisade nkhawa, nditsatira pa ulendo wina, ndipo ndikonzeke chifukwa mwina kukafunika magazi anga.

Nangozo sanalankhule zambiri. Anangoti ndizimuveka juzi Pedro, chifukwa ankatsokomola.

M'mawa mwake ndinalawirira ku ofesi. Pakhomo pankakhala womasulira, a Benjami. Munthu wakwathu konkuno, wolankhula ngati ife tomwe, kungoti sukulu anakaphunzira ku Malawi. Jekete, zolembera ndandanda m'thumba, Chingerezi chosachoka pakamwa ngakhale polankhula ndi nkhalamba zosamva ndi Chipwitikizi chomwe. Ndinawafotokozera. Funso langa linali lapafupi. Kodi ndikwere galimoto ya lero ndikapereke magazi, kapena ndiuyambe wapansi? Nanga amugoneka chipatala chiti?

Nthawi yomweyo mkulu wa bungwelo, dona wachizungu, anatuluka m'chipinda cha wailesi. A Benjami anamuuza funso langa. Dona uja anandiyang'ana, maso ali ofiira. Analankhula mawu ochepa motsitsa, anandigwira paphewa, wina nkumuitana panja, basi wapita.

A Benjami anakonza jekete.

"Akuti nkhani yanu ndi moot, bambo. Moot ndiye kuti nkhani yofunika kukambirana. Ena anganene kuti inde, ena ayi. Akuluakulu akhala pansi pa msonkhano, akuitanani."

Ndinathokoza. Ndinachita kuwomba m'manja. Dzanja lija paphewa ndinaliyesa la munthu wondilimbitsa mtima kuti zinthu zikuyenda. Masana omwewo dona ananyamuka ndi koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, kupita ku Tete kukatenga mankhwala. Dalaivala amene anamutenga Nangozo anapita naye limodzi.

Tsiku lotsatira ndinabwera. A Benjami anati msonkhano sunachitike, amanhã, mawa. Mawa lake ndinabwera. Anati paciência, lezani mtima, nkhani za moot sizithamangiridwa. Galimoto yoyera ija inkanyamuka ine ndikuona, ndi dalaivala wina, amene ankati iye za mkazi wanga sakuzidziwa, amangotula anthu pa geti. A Selestina anali atawatumiza kukabaya katemera ku zisakasa za kutali, sindinawaone.

Ndinawauza a Benjami kuti ndingopita wapansi, malire si patali. Anandifunsa ngati ndili ndi giya, chikalata cha ulendo chimene asilikali ankafuna pa msewu. Ndinalibe. Anandifunsa kuti zipatala kutsidyako ndi zambiri, ndikalowera chiti. Sindinadziwe. Ndiye anandiopseza kuti akakandiitana pa msonkhano ine kulibe, nkhani yanga aitaya, sadzaiyambanso. Ndani akanachoka atamva zimenezo? Ndinakhala.

Amayi a m'zisakasa anandiuza kuti magazi amachuluka ndi masamba a mapeyala owiritsa, ndi bonongwe. Ndinkamwa madzi owawawo m'mawa uliwonse ndisanapite pa mzere. Ganyu ndinasiya, kuopa kutha mphamvu. Ana ankadya zopempha. Mariya akafunsa kuti amayi abwera liti, ndinkamuuza kuti akuluakulu akukambirana. Ndinkamusungira magazi munthu amene anali atagona kale m'nyumba ya chisoni.

Tsiku lina mtima unandikwera. Ndinafunsa a Benjami kuti msonkhanowo akhala ndani, popeza dona kulibe. Anaimirira, nkundiloza ndi cholembera pamaso pa anthu onse.

"Kodi Chingerezi mukuchidziwa ndinu kapena ine?"

Ena pa mzere anaseka. Bambo wina wachikulire anandikoka malaya, nkundinong'oneza kuti ndisamukwiyitse munthuyu, matikiti a ufa amadzera m'manja mwake. Ndinali ndi ana awiri anjala. Ndinatseka pakamwa.

Sabata inatha, ina nkuyamba. Kenaka dona anabwera, a Selestina nawonso anali atabwerako. Dona atandiona pa mzere anaima chilili ngati waona mzukwa. Anandilowetsa m'kati, nkuitana a Selestina, amene ankamvako Chingerezi pang'ono. Dona analankhula, a Selestina nkunditembenukira.

"Akufunsa kuti bwanji simunapite kukatenga mwana."

"Mwana uti?"

A Selestina anayang'ana dona, dona anayang'ana a Benjami. Kenaka a Selestina anakhala pansi, pa simenti, nkundiuza kuti nanenso ndikhale. Munthu wakwathu akakukhazika pansi motero umadziwiratu.

"Pepani, bambo a Mariya. Amayi anatisiya tsiku lomwe anafika lija. Mwana ali moyo, wamkazi."

Uthenga unafika pa wailesi m'mawa womwe uja ndinabwera koyamba. Dona ankayesa kuti a Selestina andiuza kale. A Selestina ankayesa kuti andiuza ndi dona. Ndiye dona atamva funso langa la magazi ndi galimoto, anati funsolo ndi moot tsopano, kutanthauza kuti lilibenso ntchito, popeza mwini magaziwo kulibe. Dzanja lija paphewa linali la chipepeso.

Tsono imvani zimene zinachitika ine ndili pansi pomwepo. Anayamba kutsutsana za liwu lija. A Benjami anati iwo sanalakwitse. Kusukulu aphunzitsi awo anawaphunzitsa kuti moot ndi nkhani yokambirana, yoti anthu angatsutsanepo, ndipo ali okonzeka kubweretsa buku aliyense aone. Dona anati kwawo liwulo amalinena pa chinthu chimene chapitirira kale, choti kukambirana kwake nkutaya nthawi. Akulira choncho, dona anavomera kuti matanthauzo onse awiri alipo, zimangotengera amene akulankhula ndi nkhani imene ili pakamwa. A Benjami atamva zimenezo nkhope inawala. Anauza a Selestina kuti andifotokozere bwino, kuti a dona avomereza okha kuti iwo sanalakwitse.

Onse awiri anakhoza, akutero. Nanga analakwa ndani? Ine, amene ndinkamwa masamba a mapeyala?

Chabwino, liwulo lili ndi matanthauzo awiri. Nanga a Benjami, poona mzungu akutuluka m'chipinda cha wailesi maso ali ofiira, akugwira paphewa mwamuna wa mayi amene anachoka akutaya magazi, sanadabwe? Munthu amagwetsa misozi chifukwa cha nkhani yokambirana? Kufunsa kuti a dona mukutanthauza chiyani kukanawathothola dzino? Ndipo msonkhano uja anautenga kuti? Dona sanatchule msonkhano. Anaupeka okha, nkumaukonzanso m'mawa uliwonse, kuopa kunena kuti sindinamve bwino.

Dona nayenso sindimuchotsa. Ankagwira ntchito, inde, anthu ambiri anapulumuka ndi galimoto ija. Koma imfa ya munthu amainena poyenda, ndi liwu loti ngakhale eni chinenero amamvana mosiyana? Chingerezi chilibe liwu lakuti wamwalira? Kwathu ngakhale mbuzi ya mnzako ikafa umaima kaye nkumuuza bwinobwino.

Galimoto imene inalibe malo masiku onse aja inapezeka ndi malo nthawi yomweyo. Giya anailemba ine ndisanadzuke nkomwe pa simenti paja. Ana ndinawasiya ndi mayi woyandikana nafe uja. A Selestina anandiperekeza.

Kuchipatalako tinapeza mwana ali m'manja mwa amayi odikirira odwala. Ankalandizana. Mmodzi, amene khanda lake linali litangomwalira, ndi amene ankamuyamwitsa. Anali atamupatsa kale dzina, Ndaziona. Sindinalisinthe. Amayi aja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmodzi nkufunsa kuti mwamuna wotani amene amasiya mkazi wake masiku onsewa. Ndikanayankha chiyani? Kuti ndimadikira msonkhano?

Thupi analisunga. Wantchito wa ku nyumba ya chisoni anandiuza kuti anadikira abale mpaka pamene sakanathanso kudikira, malo anali ochepa ndipo othawa nkhondo ankafa ambiri. Anati anamuika dzana. Dzana, abale anga. Akanandiuza zoona m'mawa uja, ngakhale chokwawa ndikanafika, ndikanamuona nkhope, amayi akanamusambitsa mwa mwambo wathu. Anamunyamula akaidi, pamodzi ndi ena osowa abale, popanda nyimbo, popanda wolira.

Wantchitoyo ananditengera ku manda. Panali mitumbira yatsopano yondondozana, yopanda mtanda, yopanda dzina. Analoza umodzi, kenaka anakayika nkuloza wina, kenaka anati mwina ndi wakumapetowo. Ndinagwada pa uliwonse. Ndinamuuza Nangozo pa uliwonse kuti mwana ali bwino, Pedro wasiya kutsokomola. Wantchito uja anandipatsa chitenje chimene Nangozo anachoka atafunda, ndinakulungamo Ndaziona, tinabwerera.

A Benjami sanachotsedwe ntchito. Womasulira wina akanamupeza kuti? Ndinapitiriza kulandira tikiti ya ufa m'manja mwawo, ndi ya mkaka wa mwana, mpaka nkhondo inatha. Ankandipatsa akuyang'ana kumbali. Pepani sanatuluke pakamwa pawo ngakhale tsiku limodzi.

Tinabwerera ku Chidzolomondo. Ndaziona anakulira m'manja mwa mlongo wanga. Atakula, ali ndi ana akeake, anandipempha kuti ndikamuonetse pamene pagona mayi ake. Tinapita. Manda aja anakula kwambiri, mitumbira yakale inatitimira, panamera tchire ndi mitengo. Ndinazungulira, ndinazungulira, mwana wanga akunditsata pambuyo ndi nkhata ya maluwa m'manja. Pamapeto pake anaiika pansi pa mtengo wina umene tinangosankha.

Chandilankhulitsa lero ndi ichi. Mwezi wathawu ndinapita ku maliro a mnzanga ku Tsangano. Amene anaimirira kulankhula m'malo mwa mpingo anali a Benjami, imvi mbuu, ndodo m'manja. Analankhula bwino zedi. Anati munthu ayenera kuperekezedwa ndi abale ake, ndipo mtundu wosalemekeza maliro ndi mtundu wotayika. Anthu anavomereza. Titachoka ku manda ndinawatsatira, ndinawapatsa moni mwaulemu, nkudzitchula dzina. Sanandikumbuke. Ndinawakumbutsa za galimoto yoyera, za mayi woyembekezera, za liwu lija. Anandisisita pamkono.

"Aa, bambo, zimenezo ndi zakale. Zilibenso ntchito."

Ndinaona kuti tanthauzo lachiwiri lija analigwira bwino tsopano.

Inu amene mumakhala pakhomo pa maofesi ndi zipatala, kunyamula mawu a wina kupereka kwa wina, liwu likakuzunguzani bwererani mukafunse. Manyazi a kufunsa sanaphepo munthu. Inu ophunzira, munthu akamwalira nenani kuti wamwalira, Chingerezi chozungulira mukalankhule ndi anzanu. Ndipo inu anzanga a pa mzere, akakuuzani liwu loti simukulimva, musawombe m'manja ngati ine. Funsani wachiwiri, funsani wachitatu, ngakhale akusekeni.

A Benjami, ndikudziwa kuti ana anu amawerenga zimene timalemba pano, akuuzani. Kwa ine musabwerenso, ndakalamba, ndazolowera. Koma Ndaziona ali ku Furancungo, ndipo funso lake ndi lomwe lija, kuti mayi ake agona pati. Ine ndalephera kumuyankha. Pitani mukamuyang'ane m'maso, mukamuuze nokha kuti zilibenso ntchito.