Nsalu ya mu Yordano

Amwali, takhalani pansi kaye, mafoniwo muwatembenuze, ndikuuzeni chimene chikundisowetsa mtendere.

Chaka chatha kampani yathu ya zosamalira okalamba inandipatsa agogo ena ku Edmonton, Mgiriki wa ku Cyprus, amakhala okha. Dzina lawo la bambo limayamba ndi Hadji. Ine kungoliona ndinati awa ndi Asilamu, ngati ma alhaji akwathu. Kulowa m'nyumba, mitanda ponseponse, kanyali kakuyaka patsogolo pa chithunzi cha Yesu. Pobwerera kunyumba ku Barking ndinasaka pa foni. Kani kwawoko Mkhristu akapita ku Yerusalemu n'kukamizidwa mu Yordano, amabwerako ndi mawu amenewo kutsogolo kwa dzina, ana ndi zidzukulu n'kumatengera. Ndinawerenga mizere itatu basi, n'kudziona ngati ndamaliza sukulu ya Agiriki.

Mukundidziwa ine, manja sakhala phee. Tsiku lina masana agogo ali mtulo ndinayamba kukonza madirowa awo. Pansi penipeni ndinapeza nsalu yaitali, yachikasu ndi kukalamba, mathothomathotho, ikununkha nkhungu. Ndinati munthu wamkulu asamasunge zauve ine ndilipo. Ndinaiponya m'makina, sopo wambiri, madzi otentha. Kuisita, kuipinda, kubwezera. Ndinadziyamikira ndekha, ndithu.

Mwezi watha agogo aja anayamba kufooka, kudya kochepa. Anandituma kuti ndiwatulutsire nsalu ija. Maso awo saona bwino, ndiye anangoisisita, n'kuipsompsona.

"Ndinakaiviika ndekha mu Yordano ndili mtsikana ngati iwe," anatero. "Sinakhudzepo madzi ena. Ndikapita adzandikulunga m'menemu."

Ndinathawira ku bafa ndi foni, kukawerenga zomwe ndinadumpha zija. Zinalipo, pansi pomwepo. Wopita ulendo umenewu amabwerako ndi nsalu ya maliro ake, ndipo siichapidwa.

Ndiye imvani izi. Mwana wawo wamkazi, amene amakhala ku Greenwich, anandiuza dzana tikusintha zofunda kuti msuweni wake akupita ku Yerusalemu ndi a kutchalitchi Lachinayi likubwerali. Ndikangoulula, nsalu ipita nawo, ikaviikidwenso, agogo adzagone mmene akufunira. Koma mwana wawo ameneyu ndi uja anaimbira ku ofesi chifukwa cha supuni yomwe ndinaika m'dirowa lolakwika. Ndipo viza yanga ili m'manja mwa ofesi yomweyo.

Uthenga womuululira ndaulemba kangapo pa sitima. Ndimafika pa "pepani, ndine ndinachapa," sitima ikalowa pansi netiweki n'kuthawa, ine n'kufufuta. Dzulo agogo anandigwira dzanja, amvekere ndine mwana wabwino, ndimawasamalira zinthu zawo.

Lero ndi Lachiwiri, amwali. Mutakhala inuyo, mungautumize uthengawu, kapena mungangokhala chete agogo azipsompsona sopo wanga?