Mphukira ya ku Masambanjati

Ndikukumbukira tsiku limene aphunzitsi athu a Sitandade 6, a Mhango, anatitenga kukaona munda wa mlimi wina ku Masambanjati. A Mhangowo anali Mtumbuka wokonda zaulimi ngakhale analibe mzere ndi umodzi womwe kuno ku Thyolo. Tinadutsa m'minda ya tiyi mame akutinyowetsa mpaka m'maondo, ife kusangalala poti tsikulo masamu kunalibe.

Mwini mundawo, a Nampinga, anationetsa zambiri. Mizere yawo inkapingasa phiri, udzu wa vetiva utagwira nthaka kuti isakokoloke. Anatipisitsa manja m'dzenje la manyowa, tinakuwa titamva kutentha, anyamata n'kumanamizira kuti apsa. Koma chimene chinandigwira mtima ndi nthochi. Mikoko yake inkachita kuchirikizidwa ndi mitengo, pansi ponse ataphimbira ndi masamba, pakununkhira chinyontho. Potsanzikana anachita monga timachitira kwathu, mlendo akayamikira nthochi yako umamukumbira mphukira. Aliyense wa ife analandira yake.

Yanga ndinaisenza pamutu mpaka kunyumba. Bambo ankathyola tiyi kuesiteti, koma chimene chinkatisunga kwenikweni ndi nthochi za amayi, pakamunda kotsetsereka kamene anasiyiridwa ndi amayi awo. Amayi anandipatsa malo pakati penipeni pa mundawo. Ndinathira manyowa, ndinaphimbira, ndipo ndinawatopetsa ndi maphunziro anga mpaka anayamba kunditchula kuti alangizi.

Mvula yotsatira masamba a nthochi yanga anatuluka opyapyala, atathinana pamwamba ngati tsache. Sinabereke. Kenako inayamba yoyandikana nayo, kenako mzere wonse. Alangizi enieni atabwera anati ndi chisaka, chilibe mankhwala, chimayenda ndi nsabwe za m'mbewu ndiponso mphukira zimene anthu amapatsana. Anati tizule zonse. Tinamva kuti kwa a Nampinga nakonso kwatha psiti.

Tinazula ndi amayi, ine ndikulira. Ndinawafunsa ngati ndinabweretsa matendawa ndi ine.

"Munthu uja anakupatsa ndi mtima wabwino," anatero osandiyang'ana. "Kumba, mwanawe, dzuwa likupita."

Sanabwerezenso nkhaniyo mpaka kumwalira kwawo, ndipo kukhala chete kumeneko kumandiwawa mpaka lero. Mvula itabwera, inakokolola nthaka yonse yabwino paphiri lopanda nthochi lija. Amayi anayamba ganyu yopalira tiyi, ntchito imene ankanyadira kuti sadzaigwira, ndipo ine sukulu inathera pomwepo.

Masiku ano nthochi zambiri zimene timagula pamsewu zimabwera pa malole kuchokera kutali. Kupatsana mphukira tinaleka, timaopana. Sabata yatha mwana wanga anabwera kuchokera ku ulendo wa sukulu atanyamula kambewu ka nthochi m'pulasitiki, nkhope ili ngwee, akuti n'kopimidwa, kalibe matenda. Anandifunsa kuti akadzale pati. Ndinayang'ana kamunda ka amayi kaja, miyala yokhayokha, ndipo ndinasowa pomulozera.