Wailesi ya Matayala Anayi

Ndinanyamuka ku Dukathole, komboni ya ku Germiston, kutangocha, m'mimba mulibe kanthu. Idrisa, mnzanga amene tinkagona chisakasa chimodzi, anali atamwalira dzulo lake ndi chifuwa. Ife Asilamu sitisunga maliro masiku ambiri, ndipo ashehe anati aikidwa mawa ikatha swala ya masana, wachibale akhalepo kapena ayi. Wachibaleyo mu Joni monse anali mmodzi, mng'ono wake Yusufu, amene tinkangomva kuti ali ku Daveyton. Adiresi panalibe, ndipo nkhope yake sindinkaidziwa.

"Kumeneko akuti kuli wailesi ya anthu wamba," anatero a Phiri, a ku Chipata, amene ankasoka nsapato pafupi nafe. "Kalengezetseni monga timachitira kumudzi."

Ndinavomera, koma mawuwo sanandilowe. Kwathu masiku amenewo wailesi inali imodzi, ya boma, ndipo ntchito ya munthu wamba inali kugula mabatire basi.

Pa siteshoni ya Germiston ndinagula tikiti ya marandi atatu ndi magwinya awiri, mandasi akuluakulu a ku Joni aja. Kofia yanga yachisilamu ndinaivula n'kuipinda m'thumba. Mapepala ndinalibe, ndipo munthu wopanda mapepala safuna chomusiyanitsa ndi anzake. M'sitima munkachitika zoopsa zaka zimenezo, choncho ndinasankha bogi ya anthu opemphera, poganiza kuti zigawenga zimachitako manyazi ndi nyimbo. Ndinakhala pakati pa amayi a mipango yoyera, akuomba makoma a sitima ngati ng'oma, ine Msilamu ndikugwedeza mutu mwaulemu. Titapita ndithu ndinafunsa mayi wina m'Chizulu changa chothyokathyoka ngati Daveyton ili pafupi.

"Hawu, baba! Iyi ndi ya ku Springs. Tsikani pano pa Dunswart, msanga!"

Ndinatsika gwinya lili kukamwa. Sitima yoyenera inafika dzuwa litakwera kale.

Ku Daveyton ndinayamba ndi kuyang'ana kumwamba, kufuna mlongoti wautali wa wailesi. Ndinangoona mawaya a magetsi ndi utsi wa ootcha nyama. Ndinafunsa ogulitsa tomato, oyitanira mateksi, ngakhale wokonza mawotchi, ngati akudziwa Mmalawi dzina lake Yusufu. Onse anapukusa mutu. Koma nditatchula wailesi, nkhope zinawala, ndipo anandilozera holo ya tchalitchi kuseri kwa msika.

Panja pa holoyo panali chikhamu. Anthu ankavina modumphadumpha, zikwangwani zili m'mwamba, akufuula kuti, "Sifuna umsakazo wethu!" kutanthauza kuti tikufuna wailesi yathu. Ndisanatsegule pakamwa, wina anandipatsa chikwangwani. Ndinachinyamula. Ukanakhala iwe ukanakana? Mpaka lero sindidziwa zomwe zinalembedwapo.

Amene ankatsogolera anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, mphunzitsi, dzina lake Nomsa. Ndinamupatsa moni m'Chifanakalo chimene ndinatola kwa achikulire a m'migodi, ndipo anakwinya nkhope ngati ndamuponda chala. Tinagwirizana pa Chingerezi.

"Mayi, wailesi ili kuti?"

"Ndi imene tikumenyerayi, baba. Chilolezo sichinatuluke."

"Ndiye kuti kulibe?"

"Ilipo! Anthu ndi awa, komiti ilipo, mapologalamu alipo. Chosowa ndi mphepo yokha."

Ndinaganiza za Idrisa ali gone, ndi za mayi ake ku Ntaja amene adzafunse kuti kodi Yusufu anathirako dothi. Misozi inalengeza, ndipo ndinafotokoza zonse. Nomsa anaitana anzake a m'komiti, ndipo m'malo mondipepesa anayamba kukangana. Wina anati nkhani ya maliro iziziritsa chionetsero. Wina, wa ndevu ndi magalasi, anandigwira phewa mwachisangalalo n'kunena kuti ine ndine umboni woti manyuzipepala akuluakulu ndi wailesi ya boma sadziwa n'komwe kuti anthu ena alipo. Ine sindinabwere kudzakhala umboni, koma ndinangoti zikomo.

"Kwerani bakki," anatero Nomsa.

Bakkiyo inali galimoto yakale yapikapu, zimkuzamawu ziwiri zitamangidwa ndi waya pamwamba. Ndiyo inali wailesi. Podikira chilolezo, ankazungulira nayo m'misewu Loweruka lililonse, akulengeza zomwe wailesi yeniyeni ikanalengeza: msonkhano wa makolo, mpopi wophulika, mbuzi yosowa, m'Chizulu, m'Chisuthu, m'Chitsonga, kenaka n'kukumbutsa anthu kuti ufulu wolankhula sapatsidwa ngati mphatso. Tinanyamuka chakumasana, khamu likutitsatira pambuyo.

Nthawi yanga itakwana ndinamupatsa Nomsa mawu oti alengeze. Iye anandipatsa maikolofoni.

"Nenani nokha, m'chilankhulo chanu."

"Aone kaye ndani?"

"Aone chiyani?"

"Mawuwa. Wamkulu woti avomereze."

Anaseka mpaka kugwira chitsulo cha bakki. "Palibe, baba. Nkhani yake ndi imeneyo."

Apa ndiye mutu unaima. Kwathu tinkatsitsa mawu ngakhale pokamba za mtengo wa shuga, kuopa kuti khoma lili ndi msuweni wake ku boma. Ku Joni nako Chichewa tinkachinong'ona, kuti asatitche makwerekwere, dzina lonyozera alendo. Tsono ine, wopanda mapepala, ndifuule Chichewa pa chimkuzamawu, masana dzuwa likuswa mtengo, popanda woti ndidzamuloze zikavuta? Koma maliro anali mawa.

"Uthenga wa maliro," ndinayamba, ndipo ndinadzidzimuka kumva mawu anga akugunda makoma a nyumba. "Ukupita kwa Yusufu, mwana wa abiti Saidi a ku Ntaja. Akulu anu Idrisa atisiya dzulo ku Germiston. Mwambo woika uli mawa masana. Amene mwamva, chonde mumuuze."

Ndinabwereza msewu uno, ndinabwereza winawo. Ana ankanditsanzira. Amayi ena anavula manja m'madzi ochapira n'kuima mwaulemu, chifukwa uthenga wa maliro umamveka ngakhale chilankhulo usakuchidziwa. Koma palibe anabwera. Dzuwa linapendeka, mawu anasasa, khamu linachepa. Ndinayamba kuganiza kuti a Phiri andiyendetsa ulendo wachabe.

Tikudutsa kachiwiri pafupi ndi pokwerera mateksi, ndinaona ometa tsitsi pansi pa tenti. Mmodzi anali ataima chilili, makina ometera ali m'manja, kasitomala wake atametedwa mbali imodzi. Paja ulendo woyamba anaimanso chomwecho, koma sindinasamale. Bakki inamudutsa. Kenaka ndinamva anzake akufuula, "Sipho! Uyaphi, Sipho?" kumufunsa kumene akupita. Munthuyo ankathamanga kutitsatira.

Anagwira chitseko cha kumbuyo, akupuma mwabefu. Anayang'ana anzake aja, amene kwa zaka ankamudziwa ngati Sipho wa ku Natal. Kenaka anandiyang'ana ine.

"Achimwene," anatero m'Chichewa, aliyense akumva, "tabwerezani."

Sindinathe kubwereza. Ndinangotsika n'kumugwira dzanja, ndipo analira ngati mwana pakati pa msewu. Anzake anafika n'kutizungulira. Wamkulu wawo anamufunsa kuti dzina lake lenileni ndani, iye n'kulitchula. Wamkuluyo analiyesa kawiri pakamwa, kenaka anangotenga makina aja n'kubwerera kukamaliza mutu wa kasitomala.

Nomsa anatisiya pa siteshoni ndi bakki yomweyo. Potsanzikana anandiuza kuti chilolezo chikadzatuluka ndidzabwere, kudzakhale ola la Chichewa. Ndinafunsanso ngati pamenepo padzakhale wamkulu woona mawu, ndipo anangondikankhira ku sitima.

Zambiri zomwe ankakambirana a komiti aja sindinazimvetse, ndipo sindinama kuti ndinabwerako katswiri wa ufulu wa atolankhani. Chomwe ndikudziwa n'chakuti m'sitima yobwerera ku Germiston ndinatulutsa kofia n'kuivala, ndipo Yusufu anandifunsa za masiku omaliza a mkulu wake osatsitsa mawu. Mawa lake ikatha swala, ashehe atafunsa ngati pali wachibale woti atsikire m'manda kukalandira thupi, sipanakhale chete.

"Ndilipo," anatero Yusufu, akuvula nsapato.