Moni wa Kuseri kwa Mpanda

Alamu anga a Aroni adabadwa ndi mawu oposa thupi lawo. Munthu wake ngwamfupi, wowonda, koma akati aitane mbuzi zawo, za mudzi wina nazo zimadzutsa mitu. Ine ndimawaseka kuti tsiku logawa makutu iwo adali pamzere wa kholingo, ndipo adalandira kawiri. Adakwatira mng'ono wanga Rosalina, nyumba zathu zidayang'anizana kuno kufupi ndi boma la Chifunde, m'chigawo cha Tete, choncho zimene ndikunenazi sindidachite kumva kwa munthu.

Mawuwo adawadziwitsa kwa anthu pa nthawi ya nkhondo. Tidathawira ku Malawi iwo asanamere ndevu. Kukampu, tsiku lolandira ufa ndi nandolo, anthu ankachuluka ngati nyerere, ndipo chokuzira mawu chikafa ankakweza iwo pamgolo kuti aziitana maina. Mtendere utabwera, ndiwonso adaitana maina a okwera malole obwerera kwathu. Mpaka lero alipo okalamba amene amati mawu a Aroni ndiwo adawabweza kumudzi. Tidapeza mitengo itamera pamene padali nyumba zathu, tidazula, tidamanganso. Alamu adagwira khasu monga aliyense, koma kukagwa maliro, kukakhala msonkhano kaya katemera wa ana, wolengeza adali iwo.

Ana awo anayi oyamba adakulira m'phokosolo osadandaula. Mzime wawo, Luísa, adabwera makolo atayamba imvi, ndipo iyeyu adali wina. Adafika zaka zitatu osayankha dzina lake, osayang'ana munthu m'maso. Ankatha tsiku akundandalika zitsononkho pabwalo, zazitali kuno, zazifupi uko, ndipo wina akasuntha chimodzi kudali kulira kosatonthozeka. Koma chimene chidatiswa mtima ndi ichi: bambo ake akangolowa pakhomo n'kupereka moni, mwana ankatseka makutu, kukuwa, n'kukwawira pansi pa nkhokwe.

Palibe chimene sitidayese. Tidathira nsembe kwa makolo. Alamu adapalasa njinga masiku awiri kukatapa dothi pamanda a bambo awo amene adatsala ku Malawi, poganiza kuti mwina mzimu ukudandaula kuti tidausiya kuchilendo. Kutchalitchi adapempherera. Kuchipatala adapima makutu n'kunena kuti ali bwino, ndipo ndi zoona, adali akuthwa kuposa athu. Apakamwa nawo sadagone, adayamba kunong'ona kuti mwanayo adamukhwimira kuti chimanga chichuluke. Nkhokwe ya alamu ndimaidziwa ine, ngakhale makoswe amatulukamo akung'ung'udza.

Alamu adayesa kunong'ona polankhula pakhomo, koma kunong'ona kwawo kunkamveka kuchitsime. Kenaka adangosiya. Ankadyera kuseri kwa nyumba, kulowa pakhomo mozemba ngati mkamwini wa dzulo. Munthu amene adaitana maina a anthu zikwi sankatha kuitana mwana wake, ndipo zinkawadya. Ndidawaona akuonda, ine wowaseka uja nthabwala zidandithera.

Luísa ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, kudafika atsikana awiri ophunzira ochokera ku Tete, otumidwa ndi bungwe lina. Adapatsidwa kachipinda kuseri kwa shikola, sukulu ya m'mudzi mwathu, nasonkhanitsa ana asanu a mtundu wa Luísa. Adatiuza kuti vutoli lili ndi dzina, autizimo, kuti si ufiti ndipo palibe adalakwa. Rosalina adalira pomwepo, chifukwa zaka zonsezi ankadziimba mlandu yekha.

Adabwera ndi chidole cha makina chimene ankachitcha robo, chofika m'bondo, choyera, maso a timagetsi tiwiri, kamwa la kamzere kopindikira m'mwamba chikakondwa, pansi chikadandaula. Adafotokoza kuti kwa ana otere nkhope ya munthu imasintha msanga, mawu amakwera n'kutsika, zonse zimabwera pamodzi n'kuwasokoneza. Chidolechi chimanena chinthu chimodzi, mofanana tsiku lililonse, ndipo chimadikira osatopa. Mwana akazolowera pamenepo, amayamba kuyesa kwa anthu.

Vuto lidali loti chinkalankhula Chipwitikizi chokha. Pankafunika munthu woti ajambulidwe mawu m'Chinyanja, ndipo mudzi wonse udaloza a Aroni. Ine ndidati chidolecho chisweka tsiku lomwelo. Adawatsekera m'kachipinda masiku atatu, kuwabweza kambirimbiri kuti atsitse, atsitsenso, achedwe. Chotsalacho makina adafewetsa okha. Titamva chidole chikulankhula tidayang'anana. Adali mawu a alamu ndithu, koma ofatsa, oti mwiniwake sadawatulutsepo chibadwire.

Iwo sankaloledwa kulowa, popeza mwana akawaona zonse zinkaonongeka. Ankasiya munda n'kukanjuta pansi pa zenera panja, kumvetsera. Sabata zinayi Luísa adangozungulira chidolecho, kuchigwira maso, kuchinunkhiza. Sabata yachisanu, chidole chitanena kuti, "Wadzuka bwanji, Luísa?" timawu tidatuluka pakamwa pa mwana: "Ndadzuka bwino."

Ine ndidali m'katimo ndi Rosalina. Nditasuzumira pazenera ndidaona alamu ataluma chipewa chawo kuti asafuule, misozi ili chuchuchu.

Kuyambira pamenepo mwana adayamba kutola mawu. Adaphunzira kunena kuti wakwiya m'malo modziluma dzanja. Adaphunzira kupatsana mpira ndi mnzake, kudikira nthawi yake. Kunyumba ankauza mayi ake kuti akufuna madzi. Koma bambo ake akaonekera, manja ankapita kumakutu iwo asanatsegule n'komwe pakamwa. Atsikana aja adati tisataye mtima, gawo lotsatira ndi loti bambowo azikhala pambali pa chidole, poyamba patali, kenaka pafupi, mpaka mwana agwirizanitse mawu ndi mwini wake. Adati ziyamba mvula ikatha. Alamu adagula malaya atsopano oti adzavale tsikulo.

Mvula idadula msewu miyezi iwiri. Itatha, atsikana adabwera, koma kudzatsazika. Nthawi imene adapatsidwa idatha, ndipo chidole chinkafunika kwina. Mmodzi adalira potiuza, ndipo sindiwaimba mlandu, mlendo ndi mame. Adatisiyira mapepala ojambula nkhope, nakweza bokosi lawo pagalimoto.

Luísa adapitiriza kupita kushikola m'mawa uliwonse, kukaima pachitseko chotseka mpaka dzuwa litakwera. Mawu aja adayamba kuuma limodzilimodzi. Pofika sabata yachitatu adasiya kupempha madzi, nsima ankangoiyang'ana. Rosalina adati bola chikadapanda kubwera chidolecho, kusiyana n'kutilawitsa n'kutilanda.

M'mawa wina ndinkapeta pakhonde langa, mwana ali pabwalo ndi zitsononkho zake. Ndidaona alamu akuzungulira kuseri, nalowa kubafa, kumene kuli mpanda wa udzu wotalika. Ndidaganiza kuti akukasamba, ngakhale sadanyamule madzi. Kenaka kudamveka mawu, otsika, ochedwa, ndendende monga a m'chidole muja.

"Wadzuka bwanji, Luísa?"

Mwana adaima, chitsononkho chili m'manja. Adatembenukira kumpanda. Ine ndidasiya kupeta, lichero lili m'mwamba.

"Ndadzuka bwino," adatero.

"Ine ndakondwa. Nanga iwe?"

"Ndakondwa."

Madzulo ake adadya. Pambuyo pake Rosalina adandiuza kuti amuna ake adakhala sabata ziwiri akuyeserera kumunda, okha, kulankhula ndi mapesi.

Tsiku lachinayi mtima udawakanika. Adapatula udzu pang'ono ndi chala kuti aone mwana wawo akuyankha. Koma Luísa saphonya kanthu, ngakhale nyerere isinthe njira amaona. Adaona disolo, adakuwa, nathawira pansi pa nkhokwe, ndipo masiku asanu sadayankhe. Alamu adamweta udzu wina n'kuphatikiza mpandawo kawiri. Sadayesenso.

Zolengeza adasiya. Adaona kuti akafuula pamaliro, m'mawa mwake mawu amasasa, ndipo mwana amakayika. Anthu adadandaula, ena adati ayamba kunyada, ena adabwera kudzawanyengerera. Iwo adangoti apeze wina. Tsopano uthenga wa maliro umafika mochedwa kumidzi ya kutsidya, ndipo amene amawadziwa kuyambira kukampu amapukusa mitu akakumana nawo pamsika akulankhula ngati wodwala.

Papita zaka ziwiri. M'mawa uliwonse, asanapite kumunda, amakanjuta kuseri kwa mpanda, mawondo akulira. Mawu a mwana aonjezeka. Luísa amauza mpandawo kuti nkhuku yaswa anapiye angati, kuti mvula yamukwiyitsa, ndipo nthawi zina amafunsa yekha kuti, wakondwa? Akakumana nawo pabwalo masana sakuwanso monga kale, amangoyang'ana kumbali n'kupita. Ngati amadziwa kuti wa kuseriyo ndi bambo ake, palibe angakuuzeni. Rosalina amati amadziwa. Ine sindidziwa, ndipo zimandipweteka.

Sabata yatha, atatha moni wawo, alamu adabwera pakhonde langa khasu lili paphewa. Adaima nthawi, akukanda pansi ndi chala cha phazi. Ndidati ndiwaseke kuti fodya ndilibe, koma nkhope yawo idandiletsa.

"Alamu," adatero chapansipansi, "inu mumakhala apa, mumamuona. Akamandiyankha, nkhope yake imakhala bwanji?"

 Ndidawauza zoona, kuti amayang'ana mpandawo molunjika, maso ali gwa, monga sayang'anira munthu aliyense, ndipo akamati wakondwa mlomo umakwera mbali imodzi.

"Mbali iti?"

"Ya kumanzere."

Adagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ngati malemu amayi anga," adatero.

Adakonza khasu paphewa. Njira ya kumunda imadutsa pabwalo pamene mwana adakhala, koma iwo adazungulira kuseri kwa khola kuti asamusokoneze.