Banjo Yanga ndi Phokoso la ku Japan

Ndikukumbukira banjo yanga ya chitini, ndipo amene andikumbutsa ndi anthu opanda ulemu omwe amadzaza khonde langa kuno ku Dambwa Lamulungu lililonse masana. Ndi mwana wanga Yotamu ndi anzake, anthu a ndevu zawo, ena mimba kutsogolo, onse zaka zinapitirira makumi atatu. Amaika foni pa mpando, nkuilumikiza ku kabokosi kofuula, ndiye muzimve: magitala kulira ngati macheka a makina, ng'oma ngati wina akugwetsa malata, mnyamata wa ku Japan kukuwa ngati amuponda chala. Iwo maso atsinzina, mitu ili gwedegwede, akuimba motsatira. Mnzake wina, Mubita, amene amayendetsa alendo ku mathithi, ndinamuona ndi maso angawa akupukuta misozi. Bambo wa ana atatu! Ati nyimbozo zimawakumbutsa ubwana.

Chowawa nchakuti nyimbo zimenezi ndinazibweretsa ndine. Nthawi imene magalimoto akale a ku Japan anayamba kudzaza m'tauni muno, ine ndinali mmodzi wa oyamba kuyendetsa takisi yotere. Funsani aliyense wachikulire pa siteshoni, akuuzani. Galimotoyo inabwera ndi kaseti imene mwini wake woyamba anaiiwala m'kati. Wayilesi yake sinkagwira masiteshoni athu, inkangoti fooo, ndiye kasetiyo ndiyo inali wayilesi yathu. Yotamu ali giredi faifi, ndikamutenga kusukulu pamodzi ndi anzake, ankapanikizana kumbuyo ngati nkhuku zopita ku msika, nkumaimba nyimbo zonse osaphonya, chonsecho chilankhulocho sakuchidziwa.

Koma za kaseti zidikire kaye. Ndiyambe ndi ubwana weniweni, wanga.

Ndinakulira ku Libuyu, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Mchenga wa kumeneko mwezi wa Okutobala unkatentha moti ife opanda nsapato tinkathamanga kuchoka pa mthunzi uwu kukaima pa mthunzi uwo. Atate anachokera ku Nyasalande, ankagwira ntchito ya njanji, ndipo anali mkulu wa mpingo. Munthu wa kolala yolimba, mano ake sitinkawaona. Ine sukulu ndinalekera Sitandade thu, sindibisa. Koma khutu ndinali nalo, anzanga. Nyimbo ndikaimva kamodzi, basi yalowa.

Pafupi ndi msika, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala a Ilunga, munthu wa ku Kongo wokonza njinga. Pamalo pawo pankanunkha guluu ndi labala yopsa ndi dzuwa. Akamamata machubu ankaimba nyimbo imodzimodzi tsiku lonse, m'chilankhulo cha kwawo. Inkayambira pansipansi ngati munthu akudandaula yekha, kenaka nkukwera, nkukwera, nkuthyoka pakati ngati wapunthwa, nkubwereranso pansi. Pothyokapo mpamene pankandigwira pamimba. Ndinkawapopera matayala dala kuti ndizimva, mpaka tsiku lina anandipatsa mawaya anayi a buleki, nkunena kuti, "Tenga, mwana wa mkulu wa mpingo, ukachite nawo phokoso."

Ndinatola chitini cha mafuta ophikira, nkuchikwecha ndi phulusa ndi mchenga mpaka kuwala. Khosi lake linali thabwa la mukusi lotayidwa kumene ankachekera matabwa. Mukusi ndi mtengo wouma mtima. Ndinaupala ndi botolo losweka masabata atatu, zala zonse mabala okhaokha, ndipo chipsera china ndili nacho mpaka lero pa chala chachikuluchi. Zikhomo ndinasema ndekha. A Ilunga anandikungira mawaya, nkuikhwatcha kamodzi, nkugwedeza mutu. Banjo imene ija inkalankhula! Palibe mwana wa ku Libuyu anali ndi yotere, ndipo amene akutsutsa abwere anditsutse pamaso. Ndinkaibisa pa denga la khola la nkhuku, nkumaitulutsa atate akapita ku ntchito.

Loweruka lina masana ndinali kuseri kwa nyumba, nyimbo ya a Ilunga ili pakamwa. Ana a mzere wathu wonse ankavina, fumbi kobo. Amayi ankasinja chimanga pafupi, ndipo ndinamva ndithu kuti munsi wawo ukugunda motsatira ine. Pa mafuwa panali mgolo wa madzi osamba a atate, ukuyamba kumene kufunda. Kenaka ana aja anangoti zii, mmodzimmodzi kuzemba. Munsi unaleka. Nditatembenuka, atate aima, chipewa cha ku njanji chili m'manja. Tsikulo anaweruka msanga.

"Imbanso," anatero.

Ndinaimba. Wopusa ine, ndinkaganiza kuti yawakomera. Ndinaikoka bwinobwino, pothyoka paja ndinachita kutsinzina.

"Tsopano tanthauzira. Ikuti chiyani?"

"Sindikudziwa, atate."

"Ndiye ukudziwa bwanji kuti sukutukwana amako? Kuti sukutukwana Mulungu? Pakhomo panga sipatuluka mawu amene mwini pakamwa sakuwadziwa." Kenaka analoza ku mafuwa ndi chipewa chija. "Nkhuni zachepa apo. Sonkhezera."

Sanandimenye. Bola akanandimenya, mkwapulo umapola. Anaima pomwepo mpaka ine mwini, ndi manja angawa, ndinailowetsa banjo ija pansi pa mgolo. Mukusi umayaka bwino, anthuni, pang'onopang'ono, moto wake wofiira wopanda utsi. Mawaya anaduka limodzilimodzi, lililonse nkulira kamodzi, thwa! Chitini chimene ndinachikwecha chija chinada bii nkukhwinyata. Amayi anangoyang'ana mu mtondo. Madzi atatentha atate anati, "Thira mu ndowa, upititse ku bafa." Ndinanyamula. Ndinaima kunja kwa mpanda wa udzu ndikuwamva akudzithira madzi, khwavu khwavu, akung'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi. Anasamba banjo yanga. Papita zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, iwo anagona kalekale ku manda, koma ndikamalemba izi cholembera chikuboola pepala.

Pasanapite nthawi a Ilunga anasamuka. Tinangopeza pansi pa mango pali machubu akutha, eni ake kulibe. Sindinawafunse tanthauzo la nyimboyo, ndipo sindinakhudzenso waya wa banjo kapena gitala.

Tsopano mverani chimene chimandikwiyitsa kuposa zonse. Tibwerere ku kaseti ija. Tsiku lina ndikuchokera nawo kusukulu ana aja, kunja kukutentha, mutu ukundiwawa, Yotamu akukuwa chijapani kwinaku akumenya mpando wanga ngati ng'oma. Ndinaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu. Ndinatembenuka, ndipo m'kamwa mwangamu munatuluka mawu a munthu wa kolala yolimba uja: "Tanthauzira. Ikuti chiyani?" Ndinatulutsa kasetiyo, nkusolola tepi yake ngati matumbo a nkhuku, nkuponya pa udzu. Mwana sanalire. Anangondiyang'ana pa galasi loonera kumbuyo njira yonse mpaka kunyumba. Sindinapepese. Mmene tinaleredwera ife, bambo sapepesa.

Lero nyimbo zonse za mu kaseti ija azipezanso. Ati Mubita anangong'ung'udzira foni, foni nkuzitulutsa, pamodzi ndi zithunzi za oimbawo, amene tsopano ali ndi imvi ngati ine koma tsitsi likadali m'mapewa. Mwezi watha phokoso litandikwana ndinatuluka kuti ndiwabalalitse. Yotamu anatsitsa pang'ono, akumwetulira.

"Ba tate, ni yamene ija munang'amba. Yabwela."

Ndinawauza kuti ubwana wawo ndi wapafupi, wokhala m'thumba la buluku, woti ukautaya umangodina ndi chala nkubwerera. Wanga anauwotcha! Ndinakuwa moti galu wa aneba anayamba kuuwa. Ndipo m'kukuwa momwemo ndinapezeka ndafotokoza zonse, za a Ilunga, za mukusi, za madzi osamba. Nkhani imeneyi ngakhale malemu amayi ake a Yotamu sindinawauzepo.

Kenaka Yotamu anandiyandikizira foni kukamwa.

"Imbani chabe, ba tate. Izaipeza."

Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinaimba, chifukwa mtima unalakalaka kumvanso mawu a nyimboyo kuchokera pakamwa pa munthu wina. Kanthu kena kanazungulira pa galasi la foni, kuzungulira, kuzungulira. Palibe. Ndinaimbanso mokweza. Inatulutsa kwaya ya azungu. Ndinaimbanso. Palibe. Foni imene inapeza anyamata a kutsidya kwa nyanja zonse inalephera kupeza munthu amene ankakhala pansi pa mango ku Libuyu konkuno. Apo mpamene ndinazindikira kuti nyimbo imeneyi palibe anaijambula. A Ilunga sangakhale moyo mpaka lero. Ana amene ankavina aja ambiri tinawaika. Yatsala pakhosi panga pokha, ndipo khosi lake ndi ili lomwa mapilitsi m'mawa uliwonse. Tsiku limene adzanditseke pakamwa, nayonso yapita.

Lamulungu lotsatira Mubita anabwera ndi gitala ya magetsi, ati ayese nyimbo ya mudala, kutanthauza nkhalamba ine. Mayo ine! Anaithamangitsa ngati minibasi yolimbirana anthu, nkuikuwitsa chijapanijapani.

"Iwe! Ukupha nyimbo! Pakati apo imathyoka, siidumpha!"

"Nionetseni, mudala," anatero, nkundipatsa gitalayo.

Ndinailandira. Zala zanga zinali ngati zinangwa zouma, sizinapinde nkomwe. Waya umodzi unangolira ngati mphaka. Ndinamubwezera msangamsanga, nkumuuza kuti gitala yake ndi yabodza.

Kuyambira pamenepo, akamaliza za ku Japan zawozo amandiitana: "Mudala, bwelani mutikalipile!" Ndimatuluka, ndipo ndimawakalipiradi, chifukwa mpaka pano pothyoka paja sanapagwire. Dziko lasintha, inde. Ana a masiku ano chilichonse chawo chimasungidwa, ngakhale zopusa. Ife chathu chinkasungidwa m'mutu, ndipo munthu mmodzi wokwiya ankatha kuchimaliza madzi a mu mgolo asanawire.

Dzulo tili pakati pa nyimbo ya a Ilunga ija, Yotamu anakweza dzanja, Mubita nkuleka kuimba. Mwana wanga anandiyang'ana ndi maso omwe aja a pa galasi la takisi.

"Manje ba tate, iyi nyimbo ikamba chani? Tanthauzilani."

Ndinamuyang'ana nthawi yaitali, mwana wopanda mwamboyu.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Imba."