Mzere Wanga wa Matimati

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anandipatsa mzere wangawanga wa matimati m'dimba lathu ku Lobi. Ndinali ndi zaka khumi. Ndinkauthirira ndisanapite kusukulu, ndipo unabereka kuposa mizere yonse.

Kenaka kunabwera mvula yamawawa ndi nkhungu yosatha. Masamba anayamba timadontho takuda tozunguliridwa ndi chikasu, ndipo mzere wanga ndiwo unagwidwa kwambiri. Bambo anabwereka chopopera, nasungunula kopa, mankhwala obiriwira aja ochokera ku mkuwa. Koma mankhwalawo anayenera kuuma pamasamba mvula isanagwe, pamene kuphiri kunali kutada kale. Mayi anaima m'mbali, kolona ili m'manja, maso kumwamba.

Bambo anapopera mzere ndi mzere, thukuta lili kamukamu. Atafika pa wanga anaudumpha.

"Ababa, mwaiwala wanga."

"Sindinaiwale, mwanawe. Zula."

Ndinagwira mwendo wawo ndikulira. Matimati anali atayamba kale kufiira kumatako.

"Ingothiraniko pang'ono, achira."

"Mankhwalawa sadzutsa tsamba lofa, amatchinjiriza lamoyo. Ukausiya, upatsira dimba lonse. Fulumira, mvula iyo."

Ndinazula. Fungo la masamba linandikanirira m'manja, ndipo ndinakataya zonse kutali kudzenje. Mvula inadikira mpaka madzulo. Dimba linapulumuka, ndipo sindinalankhule ndi bambo mpaka Lamulungu.

Chaka chatha mwana wanga Tadala, amene ali kusekondale, anandifotokozera zimene ine wa pulayimale sindinaphunzire. Akuti madontho aja amabwera ndi tizilombo tosaoneka totchedwa mabakiteriya. Mkuwa ukakhudza kachilomboko umaboola khungu lake n'kulowa. M'katimo umasandutsa mpweya womwe timapumawu kukhala ululu wowotcha, monga dzimbiri limadyera khasu, mpaka kachilombo kamalephera kudzikonza n'kufa. Koma pamene tizilombo tabisala kale m'kati mwa tsamba, mkuwa sufikapo.

Ndinangoti zikomo Ambuye, poti bambo ananena zoona ngakhale anapita ndisanawathokoze. Lero ndikudziwa kuti sanandimane mankhwala chifukwa chouma mtima. Tinachedwa ndife. N'chifukwa chake mwana akangotentha thupi m'nyumba mwanga, sindidikira kuti tione mawa. Ndimapemphera ndili kale panjira ya kuchipatala, mwana ali kumsana.