Manja Onunkha Usipa

Pulagi yakuda ija, ya injini ya boti, ndikadali nayo. Imakhala patebulo langa kuntchito, pakati pa mapulani a mapampu a madzi, ndipo anzanga amaiyesa chinyalala.

Anandipatsa ndi aphunzitsi athu a sayansi, mayi wamfupi, waukali, chaka chomwe ndinali Sitandade 7 ku Senga Bay. Lachisanu lililonse tikaweruka ankatsalitsa atsikana okhaokha, n'kutiikira injini yakufa ya boti pamphasa. "Masulani, siiluma," ankatero. Ine ndinkamasula mpaka girisi kulowa m'zikhadabo.

Koma kwathu kunali amalume. Bambo atamwalira tinkakhala pakhomo pawo, ndipo akanena anena. Iwo ankati mkazi akakhudza injini, boti limabwerako lopanda kanthu. Mpaka lero zimandipsetsa mtima, koma nthawi imeneyo ndani akanawatsutsa? Atamva mphekesera za aphunzitsi aja, analankhula kamodzi kokha: "Ndikadzamva fungo la petulo m'manja mwa mwanayu, sukulu yathera pomwepo."

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse amayi ankandidikirira kuseri kwa matandala oyanikapo nsomba. Ankandigwira pamkono, kundipala zikhadabo ndi kamtengo, kenako n'kuviika manja anga m'beseni la usipa wauwisi, kufikisa mpaka m'zigongono. Mamba ankauma n'kumata pakhungu ngati phala. Ndinkanyansidwa, ndinkalira. Ndisaname, masiku amenewo amayi ndinkadana nawo.

M'mawa wa tsiku lomwe asodzi amawolokera kuchilumba cha Mbenji, injini ya amalume inakana kulira. Anakoka chingwe, kukokanso, thukuta lili kamukamu, maboti a anzawo akupita. Ine ndinali poteropo, ndikumva bwinobwino kuti vuto ndi pulagi. Pakamwa pankandiyabwa. Amayi anandiponda chala.

"Iwe, tabwera kuno!" anakuwa amalume, akundikayikira kuti ndakhudza injini yawo.

Amalume anandigwira manja onse awiri n'kuyamba kuwanunkhiza, chala ndi chala, asodzi onse akuonerera. Dzulo lake linali Lachisanu.

"Fu! Usipa wokhawokha," anatero, n'kundikankha. "Choka apa."

Gulu lonse linafa ndi phwete. Ndinathawira kunyumba, manyazi atandigwira. Amayi anafika pambuyo, n'kungodzigwetsa pakhonde, ndipo ine sindinawayang'ane n'komwe.

Ndinkayesa amandipaka nsomba pofuna kundikumbutsa kuti malo anga ndi pamatandala. Sindinkadziwa kuti fungo limene lija ndi lomwe linkandibwezera ku injini Lachisanu lotsatira.